Chulucho Chisiyeni

"Ndiye inu munawayankha kuti chiyani?" anafunsa Thomson, khasu likadali paphewa, matope a kudambo asanaume n'komwe m'miyendo.

"Ndinati ndamva," anayankha Elenala, maso ali pa lichero la mpunga umene ankapeta pakhonde.

"Mwamva. Munthu akukulandani munda dzuwa likuswa mtengo, inu n'kumuuza kuti mwamva."

"Nanga ndikanati chiyani, bambo a Pilirani? A Fanuelo ndi amalume anga, alongo awo a malemu mayi. Ndiwo mwini mbumba pamudzi pano. Ndikanawatsutsa pamsewu, amayi opita kuchigayo atatchera khutu?"

Thomson anatsitsa khasu nalitsamiritsa kukhoma. Sanali munthu wokweza mawu. Ngakhale mtima utamuwira, ankayankhula pang'onopang'ono ngati wolengeza m'tchalitchi, ndipo Elenala, amene anakhala naye zaka zambiri, ankadziwa kuti kufatsa kotereku n'koopsa kuposa phokoso.

"Tabwerezani mawu awowo monga anatulukira m'kamwa mwawo."

"Ati munda wa kunsi kwa dambo uja chaka chino alime Aubrey, mwana wawo. Njinga yamoto imene ankachitira kabaza ku Songani ija inafa, ndiye ati mnyamata asamangokhala. Ife atipatsa wa kumtunda, wa pamgwalangwa."

"Wa chulu uja."

"Womwewo."

Thomson anaseka chapakhosi, kuseka kopanda chimwemwe, nakhala pa njerwa moyang'anizana ndi mkazi wake.

"Mayi a Pilirani, munda wa kunsi uja nawo ndinaupeza uli ndi chulu pakati, chachitali kuposa ine. Mbali ina mpunga unkafa ndi ludzu, mbali ina unkamira. Chulu chimenecho ndachigumula chilimwe chonse, dothi lake n'kumalisenza m'ndowa kukakwirira chithaphwi chija. Ndakweza migula yotchinga madzi. Ndakoka thabwa m'matope mpaka madzi akugona mofanana ngati ali m'mbale. Nthawi yonseyo amalume anuwo ankadutsa pa njinga n'kumati, 'Mukugwira ntchito, akamwini.' Bwanji sananene pamenepo kuti ndikusalazira Aubrey?"

"Akananena mukanasiya."

"Ndiye mwadziyankha nokha. Lero ndafika kumundako ndapeza bango lozika pamgula, udzu womanga mfundo kunsonga kwake. Ndaima ngati wakuba pa ntchito ya manja anga."

Elenala anasiya kupeta. Pa dambo limeneli bango lotere ndi pakamwa pa mwini mbumba. Likaimikidwa ndiye kuti munda uli pa mlandu, ndipo mkamwini amene walilumpha amasonyezedwa njira ya kwawo tsiku lomwelo.

"Ine sindingalowemo," anapitiriza Thomson. "Koma inu si mkamwini. Munda uja anakusiyirani mayi anu. Mukalowa inuyo n'kuwokera mbande zathu, palibe amene angazule. Kodi munaonapo munthu akuzula mbewu ya mnzake pa dambo lino?"

"Sindinaonepo. Amati wozula mbewu yobzala waitanira dambo lonse njala. Koma sindinaonenso mwana wamkazi akuzula bango la amalume ake. Mukufuna ine ndikhale woyamba? Mawa ndipita kwawo, ndikagwade, ndikapemphe monga achitira mwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ilibe nazale," anatero Thomson, nanyamuka kukasamba.

Kutacha Elenala anavala chitenje chake chopitira kutchalitchi. Asanalowe m'njira anayamba wadzera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chitsime, pamene anafesa nazale yawo. Mbande za kilombero zinali zitafika pa chala, zanthete, zobiriwira mokopa maso. Alangizi anawauza kale, ndipo iwo eni anaziona chaka chatha, kuti mbande yowokeredwa ikali yanthete imaswa ana ambiri pa phando limodzi, pamene yokalambira panazale imangoima yokhayokha n'kubereka ngala imodzi yowonda. Nthawi yake yolowera m'matope inali imeneyi.

A Fanuelo anawapeza ali pakhonde, atavala jekete ngakhale kunja kunali kotentha. Pa unyamata wawo anagwirapo ntchito ya umesenjala kuboma, ndipo chuma chachikulu chimene anabwera nacho kumudzi chinali luso lodikiritsa anthu. Mkazi wawo anamutenga chitengwa kuchokera kwa Kuntumanji, motero iwo ukamwini sanaulawepo.

Elenala anagwada kumapeto kwa khonde, manja ali pamodzi. Amalume ake anamufunsa za Pilirani ndi sukulu yake, za mbuzi, za denga ngati silikudontha. Za munda sanafunse.

"Amalume, ndabwera ndi pempho," anatero Elenala malonje atatha. "Mawu munandiuza dzulo aja ndawafikitsa kunyumba, koma atilemera."

"Mwabwera nokha?"

"Ndekha, amalume."

"Mayi a Pilirani, ndinu munthu wamkulu tsopano. Nkhani ya munda ndi nkhani ya banja, ndipo banja lili ndi ankhoswe. Mwamuna wanu sanagwe kumwamba. Ali ndi mkulu wake, a Samsoni, amene anadzagwada pakhonde pompano podzakufunsirani ukwati. Mukufuna ine ndikambe nkhani yotere ndi mwana wamkazi yekha ngati tikutsatsana matemba? Anthu adzati Fanuelo waiwala mwambo. Kaitaneni a Samsoni."

"A Samsoni ali kutali, amalume, ndipo nawo ali pa ntchito yowokera."

"Akamaliza adzabwera. Mlandu suwola."

"Koma mbande zimakalamba, amalume."

Mawuwa anatuluka Elenala asanawayeze. A Fanuelo anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya jekete, nawavalanso mosapupuluma.

"Kodi malemu mlongo wanga anakuphunzitsani kubweza mwambi kwa akulu?"

"Pepani, amalume. Lilime laterereka."

"Ndakhululuka, chifukwa ndikudziwa kuti mawu amenewo si anu. Ndi a munthu amene mumakhala naye nyumba imodzi. Pitani bwino, mukawapatse moni akamwini."

Elenala anabwerera chafutambuyo mpaka atatsika pakhonde, monga anaphunzitsidwira. Manyazi anamugwira njira yonse, osati chifukwa cha munda, koma chifukwa cha mwambi uja anaubweza.

Thomson anapalasa njinga kukaitana mkulu wake. A Samsoni sanakane, koma anati ayambe amaliza kachigawo kawo kamene madzi anali atalowamo kale. Tsiku limene anabwera, anapeza a Fanuelo atapita ku Zomba ku mwambo wa chiliza cha mnzawo wakale wa kuntchito. A Samsoni anakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka mthunzi unatembenuka, nabwerera kwawo. Ulendo wachiwiri a Fanuelo analipo, koma anawalandira ndi nkhope yodabwa. Anati ankhoswe sangotulukira ngati mvula ya mphepo. Amatsogoza mawu kuti eni khomo akonzeke. Anatchula okha tsiku lina, la sabata inayo.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Dambo lonse, kuyambira kumapeto kwa mudzi kukafika ku njedza za m'mphepete mwa nyanja, linadzaza misana ya anthu owerama. Munda wa Elenala wokha ndiwo unali zii. Madzi anagona m'menemo mofanana ngodya zonse, akuonetsa mitambo ngati galasi, ndipo anthu odutsa pamgula ankaima kuusirira asanapitirire kwawo. Akakowa okha ndiwo ankayendamo, osafunsa za bango.

Kuseri kwa nyumba mbande zinachoka pa chala kufika pa chikhatho, kuchoka pa chikhatho kulunjika kuchigongono. Zinayamba kuthinana, nsonga kuchita chikasu, mizu kulukana ngati mphasa. Elenala ankazithirira m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse ankaona ngati zikumufunsa funso limene analibe yankho lake.

"Bwanji tingokawokera ku munda wa pamgwalangwa?" anafunsa tsiku lina, atapeza mwamuna wake atanjuta pambali pa nazale.

"Tikawokere pati? Munda umenewo khasu silinaugunde. Theka ndi chulu, theka ndi chithaphwi. Ndipo tsiku limene mbande imodzi idzalowe m'menemo, amalume anu adzalengeza kuti tavomera kusinthana."

"Ndiye titani?"

"Ine ndinanena kale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kungoti chitseko chimenechi ine sindiloledwa kuchigwira."

"Mukundikankhira kumoto, bambo a Pilirani. Inu mukayambana nawo muli ndi kwanu kokafikira. Ine kwathu ndi kuno. Ndikadzadwala adzandiimirira ndani? Pilirani akadzapeza banja, nkhoswe wake adzakhala ndani? Maliro akadzagwa pakhomo pano, adzauze anthu ndani? Munthu sudula nthambi imene wakhalira."

"Ndiye dikirani," anatero Thomson, akusisita tsamba lachikasu pakati pa zala. "Chaka chino tidya ulemu."

Elenala anatenga ndowa n'kuchoka, misozi ili chapafupi. Miyendo inamutengera kudambo yokha, ndipo atafika pa munda uja anapeza munthu ataima pamgula, atavala nsapato zoyera, foni ili m'manja.

"Ndi mkazi wanga uja kodi?" anatero Aubrey, mwa nthabwala ya pachisuweni. "Mwabwera kudzandiphikira kumunda?"

"Asuweni, nsapato zimenezo ndi zolimira mpunga?"

"Ine matope ayi, amwali. Madala akuti apeza aganyu. Ine ndidzangobwera kudzanyamula matumba."

"Nanga nazale yanu munafesa kuti?"

"Zimenezo akudziwa ndi madala. Akuti mbewu si vuto." Aubrey anayang'ana madzi ogona bata aja napukusa mutu mosirira. "Koma alamu anagwira ntchito, eti? Chaka chatha madala anandiuza kuti ndidzalime kuno, ine n'kuti chulu chija mukufuna mundiphe nacho? Koma pano ndiye ndi munda. Ngakhale ine ndikhoza kutchedwa mlimi."

Ananena izi akuseka, mopanda njiru, monga munthu amene sanayambe wadzifunsapo kuti chakudya chake chachokera kuti. Elenala anayesa kumusekerera, koma nkhope inakana. Anabwerera kunyumba ndowa ili yopanda madzi.

Tsiku lija a Fanuelo anatchula linafika. Anakhala pa mpando wawo pansi pa mtengo wa mango, a Samsoni pa benchi, Thomson pa chitsa, Elenala pa mphasa chapambali. Aubrey anatsamira mtengo ali chiimire, maso ali pa foni, ndipo bambo ake, amene ankatha kudzudzula mwana wa eni chifukwa chopereka moni chipewa chili kumutu, sanaonepo cholakwika.

A Samsoni anayankhula akupotokola manja. Anati iwo abwera ndi manja awiri, osati kudzalimbana. Anati mng'ono wawo wakhetsera thukuta m'munda uja chilimwe chonse anthu akuona, ndipo pempho lawo ndi lakuti banjali lidye kaye za thukuta lakelo. Za Aubrey zikhoza kukambidwa mtsogolo mitima ili pansi.

"Mwayankhula bwino, a Samsoni," anatero a Fanuelo. "Mukuoneka kuti munaleredwa. Koma tandiuzani: pamene mng'ono wanuyu ankabwera pamudzi pano, anabwera ndi dothi m'thumba?"

"Iyayi, sanabwere nalo."

"Anabwera ndi khasu ndi bulangeti. Dothi analipeza. Mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munda ndi wa mbumba, wogawa ndine. Anasalaza, inde, ndipo tayamika. Koma wosesa pabwalo la eni sanena kuti bwalo lasanduka lake."

"Apongozi, mundilole mawu amodzi okha," anatero Thomson.

"Muli nawo okuyankhulirani, akamwini. Mukayankhula nokha ndiye kuti mkulu wanuyu mwamuvutitsiranji ulendo wonsewu?"

A Samsoni anagwira bondo la mng'ono wawo. "Leka, Thomson. Wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Tidzakuthandiza kukonza wa kumtundawo chaka cha mawa."

Thomson anaweramitsa mutu. Elenala anaona manja a mwamuna wake, osweka ndi ndowa za dothi, atangolendewera pakati pa mawondo.

"Tsono pali kanthu kena kakang'ono," anapitiriza a Fanuelo, mawu atafewa ngati a munthu wochita chifundo. "Ndinadutsa kuseri kwa nyumba yanu, mayi a Pilirani, ndinaona nazale. Mbande zija zikuwonongeka, ndipo munda wa pamgwalangwa sunakonzedwe kuti zilowemo. Kutaya mbewu ndi tchimo pamaso pa Mulungu. Chibale ndi fupa, sichiwola. Mawa aganyu a Aubrey adzazule mbandezo, zikalowe m'munda wa kunsi. Pokolola sitidzakuiwalani."

Pamenepo zonse zinamuonekera Elenala poyera: ulendo wa ku Zomba, kutsogoza mawu, sabata inayo. Amalume ake sankadikira ankhoswe. Ankadikira kuti mbande zisowe kolowera, kuti munda wosalaza ndi mbewu yake yomwe zigwere m'dzanja limodzi. Ndipo chingwe chimene anamumangira masiku onsewa sichinali china, koma maleredwe ake omwe.

Anachoka pa mphasa akuyenda ndi mawondo, nafika kutsogolo kwa mpando, manja ali pamodzi.

"Amalume, ndipempheko kuyankhula."

"Nkhani yatha."

"Ndiye ndiyankhula itatha, mundikhululukire. Ndinagwada pakhonde panu, munati ndibwere ndi ankhoswe. Ankhoswe anabwera, munati atsogoze mawu. Zonsezo tachita, chifukwa mayi anandiphunzitsa kuti wamkulu salumphidwa. Koma mayi omwewo ndiwo anandigwira dzanja n'kundizungulitsa malire a munda uja, inu mukuyenda pambuyo pathu. Tsiku limenelo chulu chinalipo, ndipo simunanene kanthu. Inu anakuikani kuti musunge mbumba, osati kuti muidye. Aubrey ndi msuweni wanga, sindidana naye, koma dothi lake lili kwa amake, monga langa lili kwa amayi anga. Mbande sindipereka."

"Iwe Elenala."

Chikwatiwire chake, aka kanali koyamba kuti amalume ake amutchule dzina ndi kumunena kuti iwe.

"Ndili pano, amalume. Mawa ndikalowa m'munda wa mayi anga. Bango lanu ndikalizula ndi dzanja langa, ine mwana wa pamudzi pano. Bambo a Pilirani phazi lawo silikaponda m'madzimo, kuti musapeze chifukwa chothamangitsira mlendo. Ndikawokera. Mukafuna kuzula, mukazule nokha, dambo lonse likuona."

A Samsoni anayang'ana pansi ngati ataya singano. Aubrey anatsitsa foni.

"Udzandifuna," anatero a Fanuelo.

"Ndidzakufunani, amalume. N'chifukwa chake ndachedwa chonchi."

M'mawa mwake Thomson anazula mbande. Mizu inali italukana kotero kuti yambiri inkaduka, ndipo masamba anali atatalika mwakuti sakanatha kuima m'madzi. Anachita kuwadula nsonga ndi chikwakwa, mtolo ndi mtolo, nkhope ili gwa ngati munthu wometa pamaliro. Anamanga mitoloyo pa njinga, awiriwo natsikira kudambo.

Elenala anaima patsogolo pa bango lija. Linali bango wamba, lowonda, udzu wa kunsonga utayamba kale kuwola ndi mvula. Anadabwa kuti kanthu kotere kanamuimitsa masabata onsewa. Analigwira ndi manja awiri, nalizula, ndipo sanalitaye. Analigoneka bwinobwino pamgula, pouma, monga munthu aikira ndodo ya wamkulu. Kenaka anakwinya chitenje nalowa m'madzi.

Matope anali ofewa, akuya mofanana paliponse pamene phazi linaponda. Thomson anakhala pamgula atagwira nsonga ya chingwe cholozera mizere, n'kumachisuntha mzere ukatha. Nsonga inayo Elenala ankaizika yekha ndi chikhomo tsidya linalo, n'kubwerera. Munthu amene anasalaza mundawo dzanja ndi dzanja ankasamala kuti ngakhale chala chake cha kuphazi chisakhudze madzi.

Dzuwa litakwera, belu la njinga linamveka kumtunda. Macheza a m'minda yoyandikana anazima ngati moto wothiridwa madzi. Palibe amene anaweramuka, komanso palibe amene sankaona. A Fanuelo anaimika njinga, nayenda pamgula ndi nsapato zawo zopolisha mpaka anafika pamene mzere woyamba unali pafupi ndi phazi lawo, poti munthu atangowerama akhoza kuugwira. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Anayang'ana mbande, nayang'ana misana ya anthu dambo lonse, nayang'ana bango lawo lili chigonere pamgula. Potsiriza analowetsa manja m'matumba a jekete.

"Kolola chaka chino," anatero. "Koma chikwakwa chikadzangotuluka m'munda muno tidzakhalanso pansi, ndipo pamenepo ndidzaitana mbumba yonse."

"Ndamva, amalume," anayankha Elenala, natsindikira mbande ina m'matope.

Palibe amene anabwera kudzamuthandiza. Amayi ena ankamupatsa moni wa chapansipansi podutsa, wina anamusiyira chinangwa chophika pamgula, koma kulowa m'madzimo ayi; aliyense ali ndi amalume ake. Ntchito imene anthu awiri ndi anansi awo akanaimaliza msanga inamutengera masiku, ndipo tsiku lililonse mbande zotsala zinkakalambirabe. Ankaika zinayi kapena zisanu pa phando limene likanakwana imodzi kapena ziwiri, podziwa kuti zokalamba siziswa.

Tsiku lomaliza anatuluka m'madzi msana utauma ngati thabwa, zala zitatumbuluka, nakhala pamgula pafupi ndi mwamuna wake. Mizere inali yowongoka kuchokera mbali ina kukafika ina. Wodutsa akanati pano pali mlimi wamwayi.

Thomson anatola mbande imodzi yotsala namusonyeza tsinde lake.

"Mukuiona mfundo iyi? Imeneyi yatha kale unyamata wake panazale. Munda uno ukanatipatsa chakudya, sukulu ya Pilirani, mwinanso malata. Tikadzapeza theka tidzathokoze Mulungu."

"Ndinachedwa," anatero Elenala.

"Munaleredwa bwino, ndipo amalume anu amadziwa zimenezo."

Pobwerera kumudzi njira inawadutsitsa pa munda wa pamgwalangwa. Udzu unali utafika m'chiuno. Pakati pake panaima chulu, chachikulu, chofiirira, kamtengo ka minga katamera pamwamba pake. Kunsi kwake madzi anadikha m'chithaphwi chakuda. Elenala anaima nachiyeza ndi maso.

"Mbumba ikadzagamula mokomera amalume, tidzatsala ndi uno," anatero. "Mvula ikadzangosiya tiyambiretu kugumula chuluchi. Ulendo uno ndowa tidzasenzera limodzi."

"Chulucho chisiyeni, mayi a Pilirani."

"Nanga alangizi aja sanati munda wosasalaza umadya theka la zokolola?"

"Ananena zoona. Koma alangizi sali pa ukamwini. Tatembenukani muone dambo lonseli."

Elenala anatembenuka. Kuchokera pamtunda pamenepo dambo linkaoneka lonse mpaka ku njedza, ndipo apa ndi apo, pakati pa mpunga wobiriwira, panaima zulu, china apa, china apo, zina zazikulu ngati nkhokwe. Anakula akuziona. Pa misonkhano ya ulimi ankamva kuti zimenezi ndi chizindikiro cha ulesi, ndipo iye ankavomereza, n'kumanyadira mumtima kuti mwamuna wake si wotero.

"Eni ake minda imeneyo si aulesi," anatero Thomson. "Anangochenjera ine ndisanachenjere. Chulu ndiye mlonda wa munda. Munda wa chulu palibe mwana wa malume amene amaufuna."

Anakankha njinga natsogola. Elenala anachiyang'ananso chulucho kamodzi, namutsatira.